Mukati “coupling”, mukunena chitsulo chiti?

Kapepala ka zogula kakalembedwa ndi mmisiri amene anaphunzira ntchito ku Malawi, kapena buku la pampu likabwera m'Chingerezi, mawu amene amazunguza anthu kuno kuchigawo cha Tete, ku Mozambique, ndi akuti coupling. Mukawatchula m'sitolo ya zitsulo ku Ulongwe kapena ku Moatize, wogulitsa akufunsani kuti, “Ya chiyani, bambo?” Funsolo si chipongwe ayi. Mawuwa sanena za maonekedwe a chinthu, amanena za ntchito yake: kugwira zinthu ziwiri kunsonga kuti chimene chili mwa china chiwolokere mwa chinzake. Chowolokacho mwina ndi madzi, mwina ndi kuzungulira kwa shafiti (mtanda wachitsulo wozungulira wa mota kapena injini), mwinanso ndi mphamvu yokoka. N'chifukwa chake kapulasitiki kolowa m'thumba la malaya ndi chitsulo chokoka mabogi a malasha zili ndi dzina limodzi.

Tsinde lake ndi couple, kutanthauza zinthu ziwiri zoyendera limodzi, monga mwamuna ndi mkazi wake. Mawuwa anachokera ku Chilatini, copula, chomangira, ndipo anafika m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa. Acoplamento wa m'Chipwitikizi ndi wa m'banja lomwelo. Kusiyana kwake n'koti Chipwitikizi chimagawa pamene Chingerezi chimaphatikiza: pa mapaipi chimati união, pa mashafiti acoplamento, pa ngolo ndi mabogi engate. Chichewa nachonso chimagawa. Paipi timalunza, makina timalumikiza, ngolo timakola. Munthu woganiza m'Chichewa amayamba wadziwa kale mtundu wa chimene akufuna, chomwe mawu a Chingereziwo sanena.

Abale ake a mawuwa tingowadutsa mofulumira. Joint ndi malo enieniwo pamene zinthu zakumana, ngati bondo kapena chigongono. Connector kawirikawiri ndi wa mawaya, monga timapulagi ta MC4 ta pa sola. Link ndi mphete imodzi ya tcheni, ndipo n'komwe kunachokera dzina la timalemba tija mumatidina pa WhatsApp kuti tikufikitseni pa tsamba lina. Conjunction ndi mlumikizi wa m'kalasi la galamala, mawu onga koma, ndi, chifukwa. Ameneyo sagulitsidwa ku sitolo ya zitsulo.

Pa mapaipi

Coupling wamba ya paipi ndi kachidutswa kafupi kokhala ndi mazinga mkati, mbali zonse ziwiri. Apulambala amakatchula soketi. Kamalunza mapaipi awiri ofanana kukula mowongoka, ndipo mbali ina ikakhala yocheperapo dzina limasintha n'kukhala reducer, kapena redução. Vuto la soketi n'loti pomanga ndi pomasula paipi imodzi iyenera kuzungulira yathunthu. Mzere ukatha, uku wagwira kuthanki uku wagwira kukhoma, simungachotsenso kanthu pakati osadula ndi sowo. Mankhwala ake ndi chimene Angerezi amati union: mitu iwiri ndi nati yaikulu yoikoka kuti ipsompsonane. Mukamasula natiyo, mzere walekana popanda paipi kuzungulira. Ikani union kutsogolo ndi kumbuyo kwa pampu, kwa mita ya madzi ndi potulukira thanki. Ndi yodula kuposa soketi, koma tsiku limene pampu idzafune kupita kwa makaniko mudzaithokoza.

Apa pali msampha. Union wa Chingerezi ndi união wa Chipwitikizi amamveka ngati mapasa, koma si nthawi zonse pamene amanena chinthu chimodzi. M'matchulidwe a ku Portugal, união ndi soketi wamba ija, ndipo chazigawo zitatu chija amati junção. A ku Brazil soketi amati luva, ndipo união ndiye chazigawo zitatucho. Pakuti kampani ya Vale, ya ku Brazil, ndiyo inkakumba malasha ku Moatize kuyambira 2011 mpaka inagulitsa mgodiwo mu 2022, musadabwe kumva matchulidwe onse awiri m'chigawo chimodzi. Njira yachidule ndi kunyamula chakale chothyokacho, kapena kuchijambula pa foni chili pambali pa tepi yoyezera. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kukula nakonso kumanyenga. Paipi yachitsulo imene timati ya hafu inchi, mukaiyeza kunja mupeza mamilimita 21, osati 12.7. Ya 3/4 ndi pafupifupi 26.5, ya inchi imodzi 33, ya mainchesi awiri 60. Dzinalo limanena za bowo la mkati mongoyerekeza. Mapaipi apulasitiki ndiye amatchulidwa ndi muyeso weniweni wa kunja: 20, 25, 32, 40, 50 ndi 63. Ya 20 imayendera limodzi ndi hafu inchi, 25 ndi 3/4, 32 ndi inchi imodzi, 50 ndi inchi ndi theka, 63 ndi mainchesi awiri.

Mazinga a mapaipi a kuno ndi a mtundu wa BSP: mazinga 14 pa inchi imodzi pa paipi ya hafu inchi ndi ya 3/4, mazinga 11 kuyambira pa inchi imodzi kupita m'mwamba. Zida zina zochokera ku America zimabwera ndi mazinga a NPT, amene mano ake anasemedwa pa madigiri 60 pomwe a BSP ali pa 55. Pa hafu inchi onse ali ndi mazinga 14, ndiye amalowana ndithu kawiri kapena katatu, kenako n'kulimba, munthu n'kumati zatheka. Madzi akabwera, podontha ndi pomwepo, ndipo kuwonjezera tepi yoyera yokulunga pa mazinga sikuthandiza kwa nthawi yaitali.

Tepi yoyera ija imakulungidwa pa mazinga a kunja. Nsonga ya paipi ikuyang'ana kwa inu, kulungani motsata mmene mivi ya wotchi imayendera, maulendo 6 mpaka 10, mukusiya zinga loyamba poyera kuti zidutswa zisalowe m'madzi. Mukakulunga mobwerera, soketi imaisenda tepiyo polowa n'kuiunjika kunja. Mangani ndi dzanja mpaka palimbe, kenako sipanala izungulire kamodzi ndi theka kapena kawiri, basi. Ndipo pokumanitsa chitsulo ndi pulasitiki, pulasitiki ndiyo ilowe m'chitsulo. Chitsulo chikalowa m'soketi ya pulasitiki chimaitambasula ngati nkhwangwa yowaza nkhuni, soketiyo n'kung'aluka, mwina osati lero koma pakapita milungu ingapo.

M'madimba a ku Angónia ndi Tsangano, kumene kachewere, kabichi ndi anyezi zimadalira mthirira, paipi yofala ndi yakuda ija ya HDPE yobwera yokulungidwa. Imeneyi simatidwa ndi guluu. Guluu wa PVC sagwira pa HDPE ngakhale mutathira chitini chonse. Imalunzidwa ndi compression coupling. Imasuleni muiyale pa thumba kuti muione bwino: pali thupi la pakati, nati ya mtundu wa buluu kapena yakuda, mphete yoyera yokhala ndi timano yodulidwa mbali imodzi, ndi kalabala kozungulira kokhala mkati mwa thupilo. Ntchito n'zogawana. Kalabalako ndiko kamatseka madzi, mphete ya timanoyo ndiyo imaluma paipi kuti isasomoke.

Dulani paipi mowongoka, osati mopendama. Palani m'mphepete mwa nsonga ndi tupa kapena mpeni kuti pakhale potsetsereka, apo ayi nsonga yakuthwayo ikankha kalabala kapena kukacheka. Yezani kuya kwa coupling kuchokera pakamwa mpaka pa kampanda ka pakati, ndipo lembani muyesowo pa paipi. Nyowetsani nsonga ndi madzi a sopo, osati oyilo kapena girizi, zimene zingathe kuwononga labala. Tsopano kankhani. Paipi idzaima koyamba ikafika pa kalabala, ndipo apa ndi pamene ambiri amalekera poganiza kuti yafika. Sinafike. Kankhaninso mwamphamvu mukupotoza pang'ono mpaka chizindikiro chanu chifike pakamwa, ndiyeno mangani nati. Coupling zambiri zimene anthu amazinena kuti n'zachinyengo zimakhala kuti paipi sinadutse kalabala.

Dzuwa nalonso lili ndi mbali yake. Paipi ya HDPE imatalika ikatentha ndipo imafupika ikazizira, pafupifupi mamilimita 0.2 pa mita iliyonse pa digiri iliyonse. Mzere wa mamita 100 woyalidwa poyera, umene masana watentha ndipo usiku wazizira ndi madigiri 30, umasintha ndi theka la mita kapena kuposerapo. Mukaukoka kuti uwongoke bwino masana a mu Okutobala, kumene ku Tete kumapitirira madigiri 40, n'kulunza pomwepo, m'bandakucha udzadzikoka wokha n'kusomoka pa coupling. Usiyeni uyende mokhotakhota ngati njoka, lunzani komaliza m'mawa kukadali kozizira, ndipo pamene mungathe ukwirireni.

Onaninso zilembo za PN pa paipi ndi pa coupling. PN6 ndiye kuti imapirira ma bar 6, PN10 ma bar 10, PN16 ma bar 16, ndipo bar imodzi ndi kulemera kwa madzi otsika kuchokera pa mtunda wa mamita 10. Kasupe akakhala paphiri mamita 80 pamwamba pa dimba, kumunsi kuli ma bar 8 mukatseka mpopi. PN6 siikhalitsa pamenepo, makamaka ikamawombedwa ndi dzuwa, chifukwa manambalawo anayezedwa pa madigiri 20.

Za PVC n'zachidule. Guluu wake samata ngati ulimbo, amasungunula khungu la paipi ndi la soketi kuti ziwirizo zikhale thupi limodzi. Choncho pamafunika pouma, poyera, popalidwa ndi sandipepa, ndiponso pothina. Pakani mbali zonse, lowetsani mukupotoza pang'ono, gwirani masekondi 30, ndipo musatsegule madzi amphamvu mpaka tsiku lathunthu litadutsa. Paipi ya mainchesi awiri ya muyeso wakale ndi mamilimita 60.3, soketi ya 63 imaikhwepa, ndipo guluu sangadzaze mpata umenewo.

Pa mapampu a petulo a mainchesi awiri kapena atatu mumapezeka camlock, coupling ya timakono tiwiri topinda. Imakhala ndi zilembo: C ndi yaikazi yokhala ndi mchira wolowa m'hozi, E ndi yaimuna ya mchira womwewo, A ndi F ndi zazimuna za mazinga, B ndi D zazikazi za mazinga. Mkati mwa yaikazi muli labala yafulati, ndipo ikatayika kumbali yokokera madzi simuona dontho ngakhale limodzi, chifukwa kumeneko pampu imayamwa mpweya m'malo motulutsa madzi. Zizindikiro zake ndi izi: pampu ichedwa kugwira, madzi atuluka molavulalavula, kenako aleka. Anthu amathamangira kumasula injini pamene vuto ndi labala ya mtengo wa botolo la zakumwa. Kumbukiraninso kuti mamita 7 kapena 8 okokera amene amalembedwa pa pampu ndi a m'mbali mwa nyanja ya mchere. Kumapiri a Angónia, oposa mamita 1,000 kutalika, chotsanipo mita yathunthu ndi kanthu, ndipo pampu muitsitsire kufupi ndi madzi.

Pa mashafiti

Kuno coupling ndi chimene chimakwatitsa shafiti ya mota kapena injini ndi ya pampu, jenereta kapena chigayo. Zigayo zambiri za m'midzi zimayendera malamba, ndipo lamba amakhululukira zolakwa zambiri. Koma pamene mashafiti awiri ayang'anana mutu ndi mutu, kukhululuka kumachepa.

Yofala ndi ya mano. Zitsulo ziwiri zozungulira, chilichonse chili ndi bowo la shafiti ndi mano atatu oima ngati mafuwa, ndipo pakati pake pamalowa labala ya nthambi 6. Angerezi labalayo amati spider, kangaude, Apwitikizi amati estrela, nyenyezi. Mano a mbali iyi sakhudza mano a mbali inayo, amakankha labala, labala n'kukankha mano anzawo. Labalayo ndiyo imameza kugunda kwa poyambira, ndipo inapangidwa dala kuti izitha msanga m'malo mwa zitsulo zodula. Ina ndi ya tayala, yokhala ndi labala yofanana ndi katayala kodulidwa, yomangidwa pa zitsulo ziwiri ndi mabawuti. Imeneyi imalola kupendama mpaka madigiri 4, pamene ya mano imalola digiri imodzi yokha ndi kusemphana kosafika theka la milimita.

Pogula pamafunika manambala anayi: kunenepa kwa shafiti iliyonse, kukula kwa kiyi (kachitsulo kolowa mumpata wa pa shafiti kuti coupling isaterereke), mphamvu ya mota, ndi liwiro lake. Mamota a muyeso wa mayiko ambiri wotchedwa IEC amatsata ndondomeko: wa fulemu 90 (nambala ya kukula kwa thupi la mota) shafiti yake ndi mamilimita 24, wa 100 ndi 112 ndi 28, wa 132 ndi 38, wa 160 ndi 42, wa 180 ndi 48. Kiyi ya shafiti ya 28 ndi 8 kwa 7, ya 38 ndi 10 kwa 8, ya 42 ndi 12 kwa 8. Mphamvu yopotoza mumaipeza pochulukitsa makilowati ndi 9,550 n'kugawa ndi liwiro. Mota wa makilowati 15 wozungulira ka 1,460 pa mphindi amapereka pafupifupi 98 Nm (muyeso wa mphamvu yopotoza), ndipo wa makilowati omwewo wothamanga ka 2,900 amapereka theka lake. Ndiye kuti mota wochedwa ndi amene amafuna coupling yaikulu, zimene ambiri amaziganiza mozondoka. Pa makina ogunda ngati chigayo, kapena oyendetsedwa ndi injini ya dizilo ya pisitoni imodzi, nambalayo muichulukitse kawiri musanasankhe.

Pomanga, yambani ndi kuzimitsa magetsi pa switchi yaikulu. Chitsulo cha coupling chilowe pa shafiti mosakakamiza. Chikakana, palani dzimbiri ndi sandipepa kapena chitenthetseni pang'ono, koma osachikhomera ndi hamala, chifukwa nkhonya iliyonse imakathera m'mabelingi a mota. Pakati pa nsonga za mano ndi chitsulo cha mbali inayo siyani mpata wa mamilimita awiri kapena atatu. Kenako gonekani rula yachitsulo pamwamba pa zitsulo ziwirizo. Ikhudze zonse mofanana, popanda kuwala kudutsa pansi pake. Chitani chimodzimodzi pansi ndi m'mbali zonse ziwiri. Kumeneko ndi kuyeza kusemphana. Kupendama mumakuyeza poona ngati mpata wa pakati uli wofanana malo anayi omwewo. Pokonza, pampu isasunthe, musunthe mota, ndipo pansi pa miyendo yake muziika timalata topyapyala, osati makatoni kapena matabwa amene amaphwa. Mukamanga mabawuti a miyendo yezaninso, chifukwa kumangako kumasuntha mota. Ntchito imeneyi imadya ola lathunthu ndipo palibe njira yodulira.

Makina osawongoka amadziulula okha. Suzumirani pansi pa coupling: mukaona fumbi lakuda lofanana ndi makala osinja, imeneyo ndi labala ikupereseka. Belingi ya mbali ya coupling imatentha kuposa inzake, ndipo silo ya pampu, yotseka madzi pa shafiti, imayamba kudontha. Labala ikatheratu, coupling ya mano imapitiriza kuyendetsa makina, chitsulo pa chitsulo, ndi phokoso la ngwengwengwe. Zimitsani pomwepo. Kudula tizidutswa ta tayala lakale n'kutilowetsa pakati pa mano kungakuthandizeni kumaliza matumba a tsikulo, ndipo sindingamudzudzule wochita zimenezo ali kutali ndi tauni. Chimene sindigwirizana nacho ndi kuwotcherera zitsulo ziwirizo kuti zikhale chimodzi. Phokoso limathadi, koma kusemphana kumene labala inkameza kumasamukira ku mabelingi ndi ku shafiti, ndipo shafiti ikaduka mtengo wake ndi wa malabala ochuluka zedi. Chotchinga cha pamwamba pa coupling nacho chibwerere pamalo pake. Kasikuluwu kotuluka pa shafiti yozungulira ka 2,900 pa mphindi kamakola chitenje kapena mkono wa malaya munthu asanaphethire.

Pa zokoka

Sitima ya malasha ikamanyamuka ku Moatize, kaya ikulowera ku Beira pa njanji ya Sena kapena ku Nacala pa njanji ya makilomita 912 yodutsa m'Malawi, mumamva kugunda kukuyambira kumutu n'kuthamangira kumchira. Ameneyo ndi engate. Chokolera cha mabogi chimaoneka ngati dzanja lopinda zala, ndipo awiri akagundana zalazo zimakolana, chitsulo chotsekera n'kugwera chokha. Eli Janney wa ku America ndiye analembetsa luso limeneli mu 1873. Kale munthu ankaima pakati pa mabogi kuti alowetse mphete ndi chikhomo pamanja, ndipo ambiri anataya zala. Pa chokolera chilichonse pali kampata kakang'ono, ndipo timipata timeneti timathandiza injini kudzutsa mabogi limodzilimodzi m'malo monyamula katundu yense nthawi imodzi. Pansi pake pali coupling yachiwiri, ya hozi ya mpweya wa mabuleki. Mpweya ukakhalamo mabuleki amamasuka, ukathawa amagwira. Choncho sitima ikaduka pakati, hoziyo imalekana ndipo zidutswa zonse ziwiri zimadzimanga zokha.

Malole odutsa pa mlatho wa Kassuende ku Tete kupita kumalire a Malawi ku Zóbuè kapena ku Calómuè ali ndi coupling yawo, chimbale chachitsulo cha kumbuyo kwa mutu wa lole chimene amati fifth wheel, quinta roda. Pansi pa ngolo pali chikhomo chonenepa mainchesi awiri, kapena atatu ndi theka pa zonyamula katundu wolemera kwambiri, ndipo chimalowa m'kamwa mwa chimbalecho n'kutsekeredwa. Ngozi yake yodziwika ndi ngolo kukhala pamwamba kwambiri pokola, chikhomo n'kukwera pamwamba pa chotsekera m'malo molowa mkati. Dalaivala wosamala amatsika ndi tochi kukaona kuti palibe mpata pakati pa chimbale ndi ngolo ndiponso kuti chogwirira chotsegulira chimbalecho chabwerera pamalo pake, kenako amakoka pang'ono mabuleki a ngolo ali omanga, miyendo yake isanakwezedwe.

Chaching'ono pa zonse ndi cha pa tcheni ya njinga yamoto, chimene Angerezi sati coupling koma master link kapena connecting link. Njinga zambiri za injini ya 125cc zimayendera tcheni ya nambala 428, ndipo link ya 420 kapena 520 siikwanapo, ndiye werengani nambala yolembedwa m'mbali mwa tcheni musanagule. Kotsekera kake kali ngati chilembo U chotalika. Mbali yotseka iyang'ane kumene tcheni ikupita, yotsegula itsalire kumbuyo. Mukakatembenuza, udzu kapena kamtengo ka m'njira kamakola pakamwapo n'kukasomola, tcheni n'kugwa muli pakati pa chitunda cha ku Domwe ndi matumba awiri a kachewere kumbuyo.